Mbawala za ba Sampa

Zaka zomwe tinkagona pamzere wa sopo, ba Sampa a ku Chawama ankadzitcha katswiri wojambula nyama zakutchire. Kutchireko sanafikeko. Nyama zawo zinali zopenta pansalu: dzuwa lofiira likulowa, mbawala zitatu zikudya msipu. Timawasowabe akuluwo.

Tsiku lina ndinapitako chisisira chitagwa. Makolo a bwenzi langa Ketty ku Kitwe ankafuna kuona nkhope ya mkamwini asanavomere, ndipo filimu, yomwe inkasowa ngati shuga, inatsala yojambula kamodzi.

Ba Sampa anapachika nsaluyo pakhoma, nayatsa nyali.

"Osaimilira pakati, ba Jackson. Pakati ni pa anthu osaphunzira. Zuba ikhale paphewa," anatero akuloza dzuwa la pansalupo.

Anasuzumira mukamera nthawi yaitali.

"Sendelani pang'ono. Mwabisa mbawala ya namba folo."

"Zili zitatu chabe, ba Sampa."

Anadzutsa mutu n'kuyang'ana nsalu. Kenako anasuzumiranso mukamera.

"Osatembenuka," anatero motsitsa mawu.

Ndinamva fungo la udzu wonyowa, chikhalirecho mvula inali isanagwe. Mpweya wofunda unandiuzira m'khosi, pafupi ndi kolala ya jekete lobwereka.

"Sekelelani. Filimu ni imozi."

Ndinamwetulira.