Wakabaza amene ankaviika miyendo mu Bua

Panali munthu wina wakabaza ku Nkhotakota, cha ku mtsinje wa Bua, dzina lake Levison. Abale inu, munthuyo ankapalasa! Matumba awiri a mpunga kumbuyo, iye n'kumaimba nyimbo za kwaya pachitunda. Ndiye atamva za mpikisano wa njinga woyambira ku Tanzania, kudutsa kuno kwathu, kulowa Zambia mpaka kukathera ku Namibia, tulo tinamuthera. Analembetsa, pasipoti anapangitsa, akabaza anzake a pasiteji anamupatsa matayala atsopano.

Tsoka linalowera pa foni. Pagulu lina la opalasa njinga panali mkulu wodzitcha kochi, woti nkhope yake palibe anaionapo. Mkuluyo anamulembera kuti: "Ulendo wa mayiko ambiri sufuna mphamvu zokha, umafuna mwambo. Uzinyamuka nthawi imodzimodzi, uzibwera nthawi imodzimodzi, ukabwera uziviika miyendo m'madzi ozizira kuti minofu isakokane. Usadumphe tsiku."

Levison anazitenga ngati mawu a m'Baibulo. M'mawa uliwonse ankapalasa mpaka ku Dwangwa n'kubwerera. Dzuwa likafika pamutu ankatsikira ku Bua, pakamchenga kena pakati pa bango, n'kukhala pansi miyendo ili m'madzi mpaka m'mawondo. Malo omwewo, nthawi yomweyo, tsiku ndi tsiku.

Komatu aliyense wokulira ku Bua amadziwa kuti zimenezo sachita, ndipo Levison anakulira komweko. Amayi otunga madzi amasinthasintha, lero apa, mawa kumtunda, lero m'mawa, mawa masana. Ng'ona sigwira munthu tsiku loyamba. Imayamba yakuonerera ili phee, kuphunzira mayendedwe ako.

A Zaidi, msodzi wachikulire amene ankakocheza bwato lake chapafupi, anamuimitsa tsiku lina.

"Mwana wanga, Walahi, pamalo paja wazolowetsa. Pamatope pali pamene ng'ona yakhwekhwereza mimba, ndipo si kamwana ayi. Sintha malo."

"Madala, ng'ona ndakula nazo ine," Levison anayankha akuseka. "Pulogalamu yanga silola kusinthasintha."

"Pulogalamu yakoyo nayonso yailoweza," anatero a Zaidi.

Nkhani inafika kwa mkazi wake Enelesi, ndipo mayiyu anachita mantha koopsa.

"Bambo a Ester, ndizikutungirani madzi m'beseni muziviika pakhomo pano. Kodi kochi wanuyo Bua anamuonapo?"

"Madzi a m'beseni sachedwa kufunda. Inu musandilodze ndi pakamwa, mwamva?"

"Mukufuna ndilere mwanayu ndekha?"

Levison anangotulutsa njinga, ulendo. Kuuma mutu kwake, ine zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Sabata yoti anyamuke itakwana, galu wa a Zaidi anasowa. Anapita kukamwa madzi osabwerako. Levison anamva, mtima unamuluma pang'ono, koma anati galu ndi galu.

Mawa lake anafika pakamchenga paja thukuta lili kamukamu. Atangotsika panjinga anadziwa kuti china chake chalakwika. Mbalame za m'bango zomwe zinkasokosa masiku onse zinali zii. Madzi ali bata. Chakutsidya anaona chipika chikuyandama. Anawerama kumasula nsapato, podzuka chipika chija palibe.

Mtima unamuuza kuti iwe, thawa. Anabwerera m'mbuyo ndithu, anagwira njinga. Kenako anaganiza za anyamata a mayiko ena amene sakudumpha tsiku, anaganiza za anzake a pasiteji akumuseka kuti wathawa chipika.

"Kamphindi kokha," ananong'ona yekha.

Analowetsa mwendo wamanja.

Madzi anaphulika. Sanaione n'komwe, anangomva mano atatseka pansi pa bondo, iye n'kugwa chagada, kukokedwa. Anagwira bango ndi manja onse awiri, bango likumucheka zikhato, likuzuka limodzilimodzi.

"Mayo ine! Ndikufa ine! A Zaidi!"

Madzi anafika m'chiuno, kenako pachifuwa. A Zaidi ndi asodzi anzawo anathamanga ndi nkhafi. Awiri anamugwira m'khwapa, a Zaidi akuchimenya m'maso chilombocho akufuula dzina la Mulungu. Ng'ona inagubuduka kamodzi, ndipo onse anamva fupa likuthyoka. Ndi pamene inamutaya, n'kumira. Asodziwo anamumanga ntchafu ndi chingwe cha ukonde, n'kuimitsa galimoto pamsewu.

Kuchipatala dokotala anaitanira Enelesi pambali.

"Mayi, apa tisanamizane. Ndi mwendo kapena moyo."

Enelesi anagwedeza mutu movomera.

Levison anatsitsimuka bwinobwino tsiku limene ampikisano aja ankanyamuka ku Tanzania. Anayang'ana kudenga, anayang'ana mkazi wake, n'kunena motsitsa:

"Mayi a Ester, tandikandani kuphazi lamanjali, likuyabwa."

Enelesi anatambasula dzanja, linagwera pansalu yopanda kanthu. Analira mokweza mpaka odwala a m'mabedi ena analira naye.

Phunziro: Wakutsina khutu ndi mnansi. Munthu wa pa foni sadziwa mtsinje wa kwanu, ndipo zikavuta sadzabwera kudzakukoka. Kukonzekera zazikulu n'kwabwino, koma amene amagona ndi kudzuka pamalopo akakuuza kuti sintha, sintha lero lomwe, usadikire kumva nkhwangwa ili m'mutu. Musaisunge nokha nkhaniyi. Atumizireni akabaza, othamanga, ndi aliyense amene ali ndi m'bale wokonda kutsikira kumtsinje pamalo amodzimodzi.