Kamba wa ku Joni

"Maola awiri ndi theka? Akunamiza iwe!" a Chikaonda anakalipa pakhomo la bwalo la ndege ku Lumbadzi, uku akukanikizira nkhuku yachiwiri yootcha m'chikwama cha mwana wawo Felesita. "Ku Joniko ine ndinapitako pa basi, masiku atatu athunthu. Ndegeyo ichita kulodza njira?"

Felesita, yemwe akuntchito ankamutumiza ku maphunziro, anangoti zikomo, n'kulandiranso mbatata yophika ndi chigubu cha thobwa. Ngakhale kamba wa operekeza anapita naye, poti bambo ake analamula kuti mwana asakafe ndi njala m'mwamba.

Ndege italowa m'mitambo, anthu khumi ndi anayi anapanikizana m'kapikapu ka neba wawo, a Greyson, ulendo wobwerera ku Chinsapo. Atangofika pa Kanengo, tayala linaphulika. Lapadera anali atalitsitsa m'mawa kuti azakhali apeze pokhala.

A Greyson anakunkhuniza tayala lija kukasaka womata, osabwerako. Otsalawo dzuwa linawawamba, m'mimba munayamba kulira. A Chikaonda anali atakhala pamwala, akudzikupiza ndi chipewa, pamene foni yawo inalira.

"Ababa, ndafika bwino ku Joni," anatero Felesita. "Kunyumbako mwapeza kuli bwanji?"

Bambowo anayang'ana wotchi, kenako anayang'ana kapikapu kali pa jeke.

"Nkhuku zija wadya?"

"Ayi, m'ndege anatipatsa chakudya."

"Ndiye tamvera, mwana wanga. Kwera yobwerera, ubwere nazo. Utipeza pompano pa Kanengo."