Gerevazio Watanganidwa

Timoteyo anatsamiritsa njinga pakhonde la ofesi ya Gerevazio, napukuta matope a kunsapato paudzu, n'kugogoda. Anali atapalasa m'mawa wonse kuchokera ku Lobi, mvula yowaza ili kumsana.

"Lowani," anatero mawu m'katimo.

M'chipindamo munali kamdima, makatani ali chitsekere. Gerevazio anali kuseri kwa tebulo, tayi pakhosi, theka la nkhope litabisika ndi kompyuta. Timoteyo ankangoona kumsana kwa chibokosicho. Mabatani ankalira pansi pa zala: tcha, tcha, tcha.

"Timo. Khala apo, ndimalize kaye izi."

Anakhala. Sanadabwe, sanakwiyenso. Mkwiyo unamuthera kale. Chimene chinatsala ndi dzanzi, longa la mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

Awiriwa anakulira limodzi. Ankatola ngumbi pachulu chimodzi, kuzula bowa paphiri limodzi, kuba mapichesi m'munda wa ansembe, Loweruka n'kukalapa atandondozana pamzere. Matipate atabwera, mabungwe othandiza alimi anadzaza pa boma la Dedza, ndipo limodzi mwa iwo linamutenga Gerevazio n'kumuphunzitsa makinawa. Kumudzi anthu anasiya kumutchula dzina. Anangoti "wa kompyuta." Mwana akakana kupita kusukulu, mayi ake ankamulozera kwa Gerevazio.

Poyamba ankabwera kumathero a mwezi, n'kuvula malaya, n'kugwira khasu ngati kale. Kenako pa Khrisimasi pokha. Chaka chino cha 1997 sanapondeko n'komwe. Pokumba kachewere sanaoneke. Paubatizo wa mwana woyamba wa Timoteyo anangotuma mawu akuti ntchito yachuluka. Mwanayo atamwalira mu Ogasiti, mawu anabwera omwewo. Timoteyo anaima kumanda akuyang'ana kunjira mpaka adzukulu anatsuka makasu.

"Ndabwera ndi uthenga wa amalume anu, a Rafaelo," anatero tsopano. Anadzimva yekha akuti "anu" kwa munthu amene ankagona naye mphasa imodzi, koma sanabweze. "Mvula yakhazikika, anthu adzala. Munda wa malemu mayi anu wagona chaka chachiwiri. Akuti mukapanda kuoneka sabata ino, aupereka kwa ena."

"Ndamva."

Tcha, tcha, tcha.

Timoteyo anamwaza maso. Matebulo ena awiri anali opanda anthu.

"Anzanu ali kuti?"

"Ali kumidzi, kwa alimi."

Ndiye kuti zonse amamusiyira yekha, anaganiza Timoteyo. Ena akupuma mphepo ya kumapiri, iye ali m'bokosi, akuyang'ana bokosi linzake.

Anamasula kampango n'kuika patebulo zimene mkazi wake Jesinta anamupatsira: ngumbi zokazinga m'kachitini, ndi mapichesi ofiira mbali imodzi. Dzanja la Gerevazio linatuluka kuseri kwa kompyuta, linatapa ngumbi, linabwereranso, linatapanso. Ankadya mofulumira, maso osachoka pagalasi. Khosi lake linali litaonda, kolala ikulendewera. Kumudzi ankanena kuti makinawa amamwa munthu magazi pang'onopang'ono kudzera m'maso. Timoteyo ankaseka akamva zimenezo. Lero sanaone choseketsa.

"Mapichesi apsa kale?" anafunsa Gerevazio.

"Uno ndi Disembala."

"Oho."

Padenga mvula inaleka. Timoteyo anadikira kuti mwina amva mawu amodzi okhudza mwana uja, ngakhale "pepa" chabe, kapena funso loti Jesinta ali bwanji. Anapeza kuti ngakhale kudikirako sikukumupweteka. Anali ngati munthu amene wakhala pasiteji basi itadutsa kale, wongokhala chifukwa miyendo sinaganize zonyamuka.

"Ndikawauze chiyani amalume?"

"Uwauze kuti ndatanganidwa. Zikachepa ndibwera."

"Mbewu sidikira kuti zichepe."

Zala zinaima pang'ono, kenako zinapitiriza.

Timoteyo anadzuka, napinda kampango kake. Mumtima anali atatsanzika kale: uno ndi ulendo womaliza, njira ya ku boma imere udzu. Koma mpweya wa m'chipindamo unamutsamwa. Munkanunkha chinyezi ndi mapepala akale, ngati m'nkhokwe yosatsegulidwa dzinja lonse. Zenera linali kumbuyo kwa Gerevazio. Anaganiza zomuchitira chinthu chimodzi asanapite, chimene akanachitira ngakhale mbuzi yotsekeredwa m'khola.

Anazungulira tebulo.

"Timo, usabwere kuno."

Koma iye anali atakoka kale katani, n'kukankha zenera. Mphepo yozizira inalowa ndi fungo la dothi lonyowa. Phiri la Dedza linali biriwiri, nkhungu itakhala pamutu pake. Kutsidya kwa msewu amayi awiri ankapalira chimanga, akuseka nkhani zawo.

"Taonani kunjaku, kamodzi kokha," anatero Timoteyo, natembenuka.

Galasi la kompyuta linali lakuda bii, fumbi lili mbuu. Munalibe chilembo ngakhale chimodzi. Munkangooneka nkhope zawo ziwiri.

"Bungwe linatseka mu Juni, magetsi anadula mwezi wotsatira," anatero Gerevazio, zala zikadali pamabatani. "Ndimangobwera, Timo. Nanga kumudzi ndikafike ngati ndani?"