Zitenje Zinayi za Nasimelo

Chibangili chimene a zaumoyo anamuveka Lufeyo chimalira dzuwa likangomuwomba. Chikalira kawiri pa tsiku, lamulo limati a zaumoyo amutsekere m'nyumba sabata yathunthu. Atamuyeza anamuuza kuti ulusi wa DNA m'thupi mwake sunakulungike bwino pa timabobini take, moti dzuwa limaudula ndipo thupi limalephera kuulumikiza. Mkazi wake Nasimelo, pokhala telala, anazimvetsa msanga kuposa iye. Kuyambira pamenepo Nasimelo anatenga khasu, Lufeyo n'kuphunzira kusoka pakhonde.

Mayi ake a Lufeyo atamwalira, adzukulu anati maliro aikidwa masana.

"Mutsale, aphwanga," anatero malume ake. "Dothi tikakuthirirani."

"Anandibereka ndi iwowa, malume. Ndikathira ndekha."

Nasimelo anakhala pamakina n'kulumikiza zitenje zinayi, kenako anazimangirira kunsungwi, ndipo anzake anagwira m'ngodya. Lufeyo anayenda mumthunzi wa zitenjezo mpaka kumanda. Pothira dothi anatulutsa dzanja padzuwa, chibangili n'kulira kamodzi. Oyimba anasiya nyimbo.

"Bwezani dzanjalo tsopano," anatero Nasimelo motsitsa mawu. "Amayi amva kuti munabwera."