Firiji ya Masana

"Mankhwala a shugawa awonongeka ndi kutentha," anatero namwino akuunika kabotolo pawindo. "Mumasunga pati?"

"Mu firiji, monga munatiuzira," anayankha mpongozi wa agogo.

Agogowo anali pomwepo, akumvetsera. Mwana wawo, mwamuna wa mpongoziyo, anali gone pabedi m'chipatalamo, milomo itauma gwa, diripi ili pamkono.

Chikwerereni mtengo wa magetsi, mlonda wa mita m'nyumbamo anali agogowo. Manambala sankawadziwa, koma kanyali kofiira kakangophethira, ankayamba kukuwa: "Zimitsani inu! Mudzafufuzana mumdima ngati makoswe!" Ayironi anaibisa kunsi kwa bedi. Ndipo m'mawa uliwonse, anthu akangopita ku ntchito, ankazula pulagi ya firiji, n'kuibwezera madzulo akamva geti likulira. Chinthu chomangong'ung'udza tsiku lonse popanda wochitsegula, chizidyeranji magetsi?

Namwino atatuluka, agogo anakokera mpongozi wawo panja pa chitseko.

"Amake mwana, akafa uyu ndamupha ndine. Firiji ija ndimaizimitsa masana, mukachoka. Masabata atatu tsopano."

Mpongozi sanakalipe. Anangotsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi, manja ali kumutu.

"Nenani kanthu, mwanangu. Ngakhale kunditukwana."

"Masana, amayi?" ananong'ona mpongoziyo, maso ali pa simenti. "Ine ndimaizimitsa tikamakagona. Ndimati poti yagwira ntchito tsiku lonse, kuzizirako kufika m'mawa."