Tsiku Limene Teófila Anafunsidwa Maganizo

Pamene dzina la Teófila Arzú linkaitanidwa, holo ya pamtunda inali itadzaza mpaka pakhomo. Mudzi wonse wa Punta Sirena unali momwemo. Boma linatumiza mabasi m'mamawa n'kutenga aliyense, ndi odwala omwe, kuti adzanene zimene nyanja yawawonongera ndi zimene akufuna pa ganizo lowasamutsira kuphiri.

"Kawauzeni, mlamu," anamunong'oneza Nicasio msodzi, mng'ono wake wa malemu mwamuna wa Teófila. "Pakamwa panu paja pamathawitsa ogula nsomba, lero pagwire ntchito."

Teófila sanaseke. Kunja mitambo inali itada bii. Chimene ankaopa n'chakuti mkuntho ungafike nyumba zili zopanda anthu, mabwato osamanga.

Anaimirira n'kuyankhula mosazungulira. Nyanja inayamba ndi mitengo ya kokonati, kenako inameza sukulu. Chaka chatha inafukula manda, n'kupita ndi mafupa a mwamuna wake.

"Koma kusamuka ayi, bwana. Kuphiri mukunenako nsomba tikaziwedza m'miyala? Timangireni khoma lotchinga madzi, zotsalazo tidziwa tokha."

Mkulu wa kulikulu, Licenciado Ordóñez, anawomba m'manja asanawombe wina aliyense.

"Mayi, mawu ngati amenewa ndiye tawabwerera. Palibe chimene chichitike popanda inu."

Anafunsa ofuna kukhalabe kugombe. Manja onse anakwera. Wojambula anawajambula ali choncho.

Teófila anaganiza kuti zatha, koma bwanayo anaitana wina, kenako winanso. Aliyense anapatsidwa nthawi yochuluka mmene ankafunira. Panabwera mpunga ndi nkhuku, panabwera khofi. Bwanayo ankangoyang'ana foni yake, n'kupempha kuti nkhalamba nazo zinenepo.

Mphepo itagwedeza malata, Teófila analephera kupirira. Ananyamuka kuti akaone mmene nyanja yakwerera.

"Mayi, msonkhano sunathe," anatero mlonda wa pakhomo.

"Choka apa iwe, ndine mkaidi wako?"

Anamukankha n'kutulukira pakhonde, pamene gombe lonse limaonekera pansi. Nyanja inali m'malo mwake, sinasunthe.

Kumudzi n'kumene kunali fumbi. Zimakina zachikasu zinali zitagwetsa kale mzere wonse wa nyumba za kugombe, asilikali akukoka waya waminga kutseka njira. Teófila anaona denga la nyumba yake likupendekeka, n'kugwa. M'holo muja anthu ankawomberabe m'manja.