Nkhandwe ya Kuseri kwa Mpanda

"Musapume!" ananong'ona mayi telala, atatsina mkono wa amuna awo.

Nkhandwe inali itasuzumira pa una wake, kuseri kwa mpanda. Nyengo yonse yachisanu mayiwo ankagona chafufumimba pamalo omwewa m'mawa uliwonse, koma kamera yawo yakaleyo inkangojambula mchira. Lero msipu unali utayamba kuphuka, ndipo nkhandweyo inatuluka yonse, kamwana kake kali lende kukamwa.

Zala za mayiwo zinali zitauma gwa ndi kuzizira. Kachizindikiro ka batire kankaphethira mofiira.

"Dinanitu, amake mwana! Mukudikira chiyani?" anatero bambowo.

Mayi sanadine. Anadikirabe mpaka nkhandwe inaika kamwanako pansi n'kuwayang'ana m'maso mwenimweni. Apo ndiye anadina, ndipo kamera inazima pomwepo.

"Chalowa chithunzicho?" anafunsa bambowo.

"Kaya! Koma mwaiona inunso, eti? Mwaionatu?"

Sanadikire yankho. Anadzambatuka, pachifuwa pali matope okhaokha, n'kuliyatsa liwiro la kunyumba kukatchaja batire, akuseka ngati mtsikana. Bambowo ankabwera pambuyo akukuwa, atanyamula nsapato imodzi ya akazi awo.